Kachongedwe ka mayeso a masamu a ana kopanda kukondera

Anthu ambiri amaganiza kuti pa masamu mphunzitsi sangakondere ngakhale atafuna, poti yankho limakhala lokhoza kapena lolakwa basi. Zimenezo ndi zoona pa samu ngati 7 + 5. Koma samu ikangokhala ndi mizere iwiri kapena itatu, wochonga amayamba kuweruza. Mu 1913, ofufuza awiri a ku America, Daniel Starch ndi Edward Elliott, anatumiza pepala limodzi la jometiri (masamu a mizere, ngodya ndi maonekedwe a zinthu), lolembedwa ndi wophunzira mmodzi, kwa aphunzitsi a masamu oposa 100 kuti aliyense alichonge payekha. Malikisi amene anabwera anayambira pa 28 mpaka kukafika pa 92 pa 100. Onsewo anali odziwa masamu. Chimene analibe chinali muyezo umodzi: wina ankapereka malikisi pa njira, wina ankangoyang'ana yankho, wina ankadula chifukwa cha kalembedwe kosalongosoka.

Malangizo awa ndi a inu amene mumachonga mapepala a ana a ku pulayimale, kaya ndinu aphunzitsi kapena makolo ophunzitsa mwana pakhomo. Mutu wake ndi umodzi: chigamulo chilichonse chovuta muchipange musanadziwe kuti chikhudza mwana uti.

Poyamba, lembani nokha mayesowo

Musanawapereke kwa ana, khalani pansi muyankhe mafunso onse ndi cholembera, mzere ndi mzere, osati m'mutu. Apa ndi pamene mumagwira mafunso opunduka. Taonani funso ili: "Sikweya ili ndi mbali ya 4 cm. Pezani eliya yake." Yankho ndi 16. Koma mwana amene wasokoneza eliya (kukula kwa malo a m'kati) ndi mtunda wozungulira sikweyayo, n'kuwonkhetsa 4 + 4 + 4 + 4, apezanso 16. Funso lotere silingasiyanitse wodziwa ndi wosadziwa, ndiye sinthani mbaliyo ikhale 5 cm kapena 7 cm. Chimodzimodzi 2 × 2 ndi 2 + 2: musayese nazo ngati mwana akudziwa kuchulukitsa.

Yang'ananinso mawu. Ngati samu ya nkhani ili ndi ziganizo zazitali ndi mawu amene ana sanawamvepo, mukuyesa kuwerenga, osati masamu, ndipo amene apwetekeke kwambiri ndi mwana amene akuphunzira m'chiyankhulo chimene si cha kwawo. Fupikitsani chiganizo, siyani samuyo ili yolimba monga inalili. Ndipo ngati mukufuna kuona njira, lembani pamwamba pa pepala kuti "Onetsani njira yanu yonse", kenaka muwerengereni ana mokweza asanayambe. Pambali pa funso lililonse lembani malikisi ake. Mwana akaona 3 pambali pa funso amadziwa kuti nambala imodzi yokha siikwanira.

Chachiwiri, konzani ndondomeko ya malikisi musanatsegule pepala la mwana aliyense

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, ndiye tikhalitsapo. Mndandanda wa mayankho okha si ndondomeko. Ndondomeko yeniyeni imanena kuti malikisi a funso lililonse agawidwa bwanji. Mabungwe akuluakulu a mayeso, monga Cambridge, amasiyanitsa malikisi a njira, amene amawalemba ndi chilembo M, ndi malikisi a yankho lolondola, amene amawalemba ndi A. Inunso mukhoza kuchita zomwezo pa mayeso a m'kalasi mwanu.

Titenge 47 × 23, funso la malikisi 3. Mungagawe motere: 1 ngati mwana wasonyeza kuti akuchulukitsa ndi 3 kenaka ndi 20, 1 ngati mizere yonse iwiri ili yolondola, ndiye kuti 141 ndi 940, ndi 1 ngati wawonkhetsa bwino mizere yake iwiriyo. Yankho lolondola ndi 1081.

Tsopano taonani ana atatu. Woyamba walemba 131 m'malo mwa 141, pansi pake 940, n'kupeza 1071. Wachiwiri walemba 141, pansi pake 94 wopanda ziro komanso wosasunthidwa, n'kupeza 235. Wachitatu wangolemba 1081 popanda china chilichonse. Mukangoyang'ana yankho, awiri oyambawo muwathetha mofanana, onse 0. Koma ana amenewa sali pamodzi ayi. Woyambayo samuyi akuidziwa, dzanja langoterereka posunga 2, ndipo akuyenera 2 pa 3. Wachiwiriyo sanamvetse kuti 2 wa mu 23 akuimira 20, lomwe ndi phata la samu yonseyi, ndiye apeza 1 wa kuwonkhetsa basi. Kuwapatsa malikisi ofanana ndi kunamiza onse awiri, komanso kudzinamiza nokha, chifukwa mawa simudziwa kuti wofunika kumubwerezera phunziro ndi uti.

Nanga wachitatu uja? Zimatengera zimene munalemba pamwamba pa pepala. Ngati munanena kuti njira ionetsedwe, mupatseni gawo limene munakonzeratu la yankho lokha. Ngati simunanene, mupatseni 3 yense. Si bwino kulanga mwana pa lamulo limene linali m'mutu mwanu mokha. Ndipo musathamangire kuganiza kuti wabera, alipo ana amene amawerengera m'mutu mwachangu kuposa mmene amalembera.

Lamulo lina lofunika kulilemberatu ndi lakuti cholakwa chimodzi chilangidwe kamodzi. Funso likuti: "(a) Mabokosi 6 ali ndi mapensulo 24 lililonse. Mapensulo onse ndi angati? (b) Agawidwa mofanana m'makalasi 8. Kalasi iliyonse ilandira angati?" Mayankho ndi 144 ndi 18. Mwana waiwala kuwonjezera 2 amene anasunga, wapeza 124 pa (a). Pa (b) wagawa 124 ndi 8 n'kulemba 15, otsala 4. Kugawako ndi kolondola kotheratu, ndipo kunena zoona wachita samu yovutirapo kuposa ya anzake. Mdulireni pa (a), koma pa (b) mupatseni malikisi ake onse. Malire ake ndi awa: ngati cholakwa choyamba chapeputsa gawo lachiwiri mpaka kulisandutsa chibwana, mwachitsanzo mwana wapeza 80 pa (a) ndiye wangogawa 80 ndi 8, mukhoza kupereka malikisi a njira okha. Chofunika ndi chakuti mulembe zimenezi mu ndondomeko, muzitsatire pa mwana aliyense.

Pali timafunso tina timene timavutitsa pakati pa kuchonga ngati simunatiyankhiretu. Mwana akalemba 2/4 kapena 0.5 pamene inu munalemba 1/2, wakhoza, pokhapokha funso litanena kuti fulakishoni ichepetsedwe mpaka pomaliza. Akaiwala kulemba cm kapena kg, sankhani: mudula pa funso limodzi lokha m'pepala lonse, kapena pa mafunso okhawo amene munaika chizindikiro. Kudula paliponse kungachotsere mwana wodziwa masamu malikisi 6 kapena 7 pa chizolowezi chimodzi. Akapereka mayankho awiri osafuta limodzi, sangalandire malikisi a yankho, apo ayi ana aphunzira kuponya miyala iwiri pa funso lililonse. Akadula mzere pa ntchito yake koma osalemba ina m'malo mwake, ine ndimaona kuti ndi bwino kuichonga ngati ikuwerengeka, chifukwa nthawi zambiri amene amadula ntchito yolondola ndi mwana wamantha, osati wosadziwa.

Ndiye pali njira imene simunaphunzitse. Mwafunsa 99 × 6, mwana walemba 100 × 6 = 600, 600 − 6 = 594. Ameneyo wakhoza, ndipo waganiza bwino kwambiri. Njira iliyonse yoona pa masamu ilandire malikisi onse, kupatula ngati funso linatchula njira yoti igwiritsidwe ntchito. Koma chenjeraninso ndi yankho lolondola lochokera m'njira yabodza. Mwana amene wachepetsa 16/64 pofuta 6 wa pamwamba ndi 6 wa pansi apeza 1/4, lomwe ndi yankho loona, koma wangochita mwayi. Akayesa zomwezo pa 12/24 apeza 1/4, pamene yankho ndi 1/2. Malikisi a njira sangalandire.

Chachitatu, bisani maina

Uzani ana alembe dzina kuseri kwa tsamba lomaliza, kapena pindani ngodya ya pepala pamene pali dzina, kapena aliyense mumupatse nambala. Ena anena kuti, "Ana anga ndimawadziwa ndi kalembedwe kawo, ndiye phindu lake n'chiyani?" Zoona, ena muwazindikira. Koma mukafika pa pepala la 30, maso ali pa funso limodzi, ambiri simuwazindikira, ndipo zimenezo zokha zathandiza kale.

Kukondera kumene tikukamba pano si kwa mphunzitsi woipa mtima. Kumachitika mwakachetechete. Pa pepala la mwana amene mumamudziwa kuti ndi wanzeru, nambala yosaoneka bwino mumaiwerenga kuti ndi 7 chifukwa yankho ndi 7. Pa pepala la mwana wosokosa wa kumbuyo uja, nambala yomweyo mumaiona ngati 1. Ofufuza awiri, Rema Hanna ndi Leigh Linden, anayesa zimenezi ku India, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2012. Anapatsa aphunzitsi mapepala a ana atamatapo zikuto zonena za mwanayo, koma zikutozo anazisakaniza mwachisawawa. Mapepala amene chikuto chake chinkasonyeza kuti mwana ndi wochokera m'gulu limene kumeneko limaonedwa ngati lotsika analandira malikisi ocheperako pang'ono, ngakhale kuti chikutocho sichinkagwirizana ndi amene analembadi. Kusiyanako kunali kochepa, koma kwa mwana amene ali pamalire a kukhoza ndi kulephera, kochepako n'kokwanira.

Chachinayi, werengani mapepala angapo musanagwire cholembera chofiira

Tengani mapepala asanu kapena asanu ndi limodzi kuchokera pakati pa mulu, muwawerenge osachonga. Mupeza mayankho amene simunawaganizire. Konzani ndondomeko yanu tsopano, isanakhudze aliyense.

Chachisanu, chongani funso limodzi pa mapepala onse

Musamalize pepala la mwana mmodzi kenaka n'kutenga la wina. Chongani funso 1 pa mapepala onse, kenaka funso 2 pa onse, mpaka kumapeto. Zimaoneka ngati zochedwetsa chifukwa chotembenuza mapepala, koma mutu umagwira ndondomeko ya funso limodzi ndipo dzanja limathamanga. Phindu lalikulu ndi lakuti mwana amene walakwa mafunso atatu oyamba safika pa funso lachinayi inu mutamutaya kale mumtima, ndipo amene wakhoza atatu oyamba sakhululukiridwa pa lachinayi.

Mukamaliza funso, sakanizani mulu. Pepala lobwera pambuyo pa pepala labwino kwambiri limaoneka lofooka kuposa mmene lilili, ndipo si bwino kuti mwana yemweyo azikhala pamalo amenewo pa funso lililonse. Kutopa nakonso kumasintha muyezo: ena akatopa amauma dzanja, ena amangochonga kuti athane nazo. Ngati mupume, pumani mutamaliza funso, osati pakati pake.

Lembani malikisi pamene mwana wawapezera, osati chiwerengero chokha m'mphepete. Kachizindikiro kakang'ono pa mzere wolondola, kamzere pansi pa nambala imene yalakwika. Malo amene mwana wasiya osalemba, jambulanipo mzere wopingasa kuti pasadzalembedwe kanthu pepala likabwezedwa.

Mukakumana ndi yankho lachilendo pa pepala la 25 n'kuganiza kuti liyenera malikisi, lembani chigamulocho pa ndondomeko yanu, kenaka bwererani pa mapepala 24 apitawo muone ngati wina analemba zofanana. Gawo limeneli ndi limene ambiri amalumpha, chifukwa ndi lotopetsa, koma mukalilumpha ndiye kuti malikisi a mwana atengera malo amene pepala lake linali mu mulu.

Za ukhondo wa pepala: ngati nambala ikuwerengeka, ichongeni. Ngati simukutha kusiyanitsa 4 ndi 9, yang'anani mmene mwanayo walembera 4 ndi 9 m'malo ena a pepala lomwelo. Kalembedwe koipa mukambe naye padera, koma musakasandutse chilango cha pa masamu. Khalidwe nalonso chimodzimodzi. Kuchedwa, phokoso, mwano, zonsezo zili ndi njira zake, ndipo mwana waulemu salandira malikisi owonjezera chifukwa chofufuta bolodi. Ngati mukukayikira kuti awiri anaberana, chongani mapepala onse awiri monga mwa ndondomeko, muwaike pambali, nkhani ya kuberayo muifufuze payokha potsata malamulo a sukulu. Kudula malikisi mobisa chifukwa cha chikayikiro ndi kuweruza mlandu munthu asanaumve.

Chachisanu ndi chimodzi, yang'anani funso limene lagwetsa ambiri

Ngati pa ana 40, ana 35 alakwa funso limodzi, imani kaye. Werengerani samuyo kachiwiri, mwina yankho la pa ndondomeko yanu ndi limene lalakwika. Ngati yankho lili bwino, werengani funsolo ngati mwana: kodi lingamveke pawiri? Kodi pali nambala imene sinasindikizike bwino? Kodi mutu umenewu munauphunzitsadi, kapena munangoukhudza tsiku lomaliza? Funso likakhala lolakwika, patsani ana onse malikisi ake, osati okhawo amene abwera kudzadandaula. Koma ngati funso lili bwino, munaliphunzitsa, ndipo langokhala lovuta, lisiyeni. Malikisi otsikawo akukuuzani phunziro loti mubwereze.

Chachisanu ndi chiwiri, dziyeseni nokha

Mukamaliza, tengani mapepala angapo amene munayamba nawo, phimbani malikisi, muwachongenso. Ngati zikusiyana, muyezo wanu unasuntha panjira, ndipo muyenera kuona kuti unasunthira pa funso liti. Ngati pali mphunzitsi mnzanu wa masamu, mupatseni mapepala atatu, lapamwamba, lapakati ndi lapansi, pamodzi ndi ndondomeko yanu, achonge osaona malikisi anu. Makalasi awiri akalemba mayeso amodzi, zimenezi si zochita kufuna: aphunzitsi awiriwo agwirizane ndondomeko imodzi, ndipo ngati n'kotheka mmodzi achonge mafunso a theka loyamba pa ana onse, winayo theka lachiwiri. Apo ayi mwana akhoza kapena kulephera malinga ndi khomo limene analowa.

Kenaka wonkhetsani malikisi kawiri, ulendo woyamba kuchokera pamwamba, wachiwiri kuchokera pansi. N'zoseketsa koma zoona kuti samu imene imalakwika kawirikawiri pa pepala la masamu ndi ya aphunzitsi yowonkhetsa malikisi. Posandutsa malikisi kukhala peresenti, lamulo likhale limodzi: 17 pa 30 ndi 56.7, ndiye ngati mukukweza kukhala 57, kwezani aliyense amene ali pa theka kapena kuposa. Ngati malire okhozera ndi 50, sankhiranitu chochita ndi 49.5 maina akadali obisika. Mapepala onse amene ali pafupi ndi malire, pansi ndi pamwamba pomwe, ayang'anidwenso, osati la mwana amene mukumumvera chisoni lokha.

Mwana amene ali ndi vuto la maso, la kumva kapena la kuwerenga amathandizidwa pa nthawi yolemba: zilembo zikuluzikulu, nthawi yowonjezera, munthu womuwerengera funso. Thandizolo likonzedwe mayeso asanayambe. Pochonga, ndondomeko ndi yomweyo ya anzake.

Pomaliza, bwezani mapepala mwa njira yoti mwana atha kufunsa

Perekani pepala m'manja mwa mwini wake, lopinda. Kuitana maina mokweza kuyambira woyamba mpaka womaliza sikuphunzitsa aliyense samu, kumangophunzitsa a kumapeto kuti masamu si awo. Lembani ndondomeko ya malikisi pa bolodi, funso ndi funso, ana ayerekeze ndi mapepala awo zolembera zili pansi. Auzeni momveka kuti, "Amene akuona kuti ndawonkhetsa molakwika kapena sindinaone mzere wina, abwere ndi pepala lake lero kapena mawa." Nenani zimenezi kwa kalasi yonse, chifukwa mukapanda kutero amabwera ndi olimba mtima okha, ofatsa n'kungopinda pepala kuika m'chikwama.

Mwana akabwera, mufunseni kuti, "Tandionetsa pamene ukuona kuti pasowa malikisi." Ngati akunena zoona, konzani pomwepo, sainani pambali, ndipo funsani ngati pali wina amene analemba chimodzimodzi. Ngati sakunena zoona, musonyezeni mzere wa pa ndondomeko umene ntchito yake sinafikire. Makolo akabwera ndi funso lomwelo, muwaonetse zinthu ziwiri zomwezo, pepala ndi ndondomeko, osatulutsa pepala la mwana wina kuti muyerekeze. Malikisi aliwonse amene mwasintha pa pepala muwasinthenso tsiku lomwelo m'buku lanu la malikisi, chifukwa a pa lipoti la kumapeto kwa teremu amachokera m'bukumo, osati pa pepala limene mwana wapita nalo kunyumba.